Mapadi ochapa: tiyambe tawerengera tisanagule kapena kuoda

Sabata ino tisiye kaye tomato, usipa ndi mafuta ophikira. Pali katundu wina amene amagulidwa mwezi ndi mwezi pafupifupi pakhomo lililonse, koma mtengo wake sutchulidwa mokweza pamsika. Wogula amayamba wayang'ana uku ndi uku, n'kunena chapansipansi, wogulitsa n'kukulunga msangamsanga m'nyuzipepala ngati akugulitsa chamba. Ndikunena mapadi amene amayi ndi atsikana timavala tikakhala kumwezi.

Abambo musathamangire kutsamba la mpira. Ambiri mwa inu ndinu eni maokala ndi magolosale momwe katunduyu amagulitsidwa, ndipo ena muli ndi ana aakazi awiri kapena atatu kusekondale, amene teremu ikamayamba amakupatsani kapepala kolembapo shuga, sopo, mafuta odzola ndi "zina ndi zina". Zina ndi zinazo ndi zimenezi.

Nkhani yakula masiku ano ndi ya mapadi ochapa, aja osokedwa ndi nsalu, amene umavala, kuchapa, kuyanika n'kudzavalanso mwezi wamawa. Amabungwe amawatama kwambiri, makamaka likamafika tsiku la 28 Meyi lomwe maiko amakumbukira zaukhondo wa amayi pa nthawi ya msambo. Inenso ndili mbali yawo. Ndikuona kuti mayi wa geni amene sasowa madzi ndi sopo akuyenera kukhala ndi seti yake, ndipo wa okala amene sanawaikebe pashelefu akusiya ndalama panjira. Koma zifukwa zanga si za pamsonkhano wa kuhotela. Ndi za m'kabuku ka ngongole ndi kachikwama ka m'chiuno, ndipo zina mwa izo sizikomera mapadi ochapawo.

Tiyambe ndi chomwe chakweza mtengo. Mu 2022 nduna ya zachuma ya nthawiyo, a Sosten Gwengwe, inalengeza m'Nyumba ya Malamulo kuti boma lachotsa msonkho wolowetsera mapadi m'dziko muno komanso wa excise. Tinaomba m'manja. Koma mu Meyi chaka chomwecho kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inagwanso ndi 44 peresenti. Mapadi otaya ambiri amene ali m'mashopu amachokera kunja, ndipo ngakhale atapangidwa konkuno, zipangizo zake zimafuna dola. Kangachepe komwe kuchotsa msonkho kukanatisiyira kanamezedwa tisanakaone n'komwe. Padi yotaya ili m'gulu limodzi ndi feteleza ndi petulo: dola ikasowa, iyo imakwera, ndipo thupi silidikira kuti mtengo utsike.

Tsopano titenge cholembera. Mitengo imasiyana pakati pa Limbe, Lunzu, Tsoka ndi Mzuzu, ndipo ikusintha pafupipafupi, choncho manambala a ndalama amene ndiike apawa ndi oyerekeza chabe. Chotsani anga, muikemo a pamsika panu. Mayi amene msambo wake umabwera pa masiku 28 aliwonse amapita kumwezi ka13 pachaka, osati ka12 monga ambiri timawerengera. Ngati amatha masiku asanu ndipo amasintha kanayi patsiku, ndiye kuti mapadi 20, kapena kuti mapaketi awiri a khumikhumi. Pachaka ndi mapaketi 26. Tinene kuti paketi ndi K2,000. Chaka chikamatha mayiyu waponya m'chimbudzi K52,000. Pakhomo pakakhala mayi ndi ana aakazi awiri otha msinkhu, ndalamayo ndi K156,000, mpamba wokwanira kuyambira geni ya mandasi n'kutsalako yogulira ambulera ya pabenchi.

Nanga ochapa? Tinene kuti seti ya mapadi asanu ndi imodzi mwagula K15,000. Apa ndi pamene otama ambiri amaimira, ngati kuti mapadiwo amadzichapa okha. Ikanipo sopo ndi madzi, poti ambiri m'matauni timagula madzi pakiyosiki. Tinene K1,000 pa ulendo uliwonse, pachaka K13,000. Zonse pamodzi K28,000. Poyerekeza ndi K52,000 ija, mwapulumutsa K24,000 chaka choyamba. Opanga ambiri amati mapadi awo amatha chaka kapena kuposerapo, ndipo akakhala osokedwa bwino n'kusamalidwa amalowa m'chaka chachiwiri. Chaka chimenecho mungolipira sopo ndi madzi basi, n'kusunga K39,000.

Koma si mayi aliyense amagula mapaketi awiri. Alipo ambiri amene amakakamiza paketi imodzi kuti iwafikitse kumapeto, padi imodzi kuyambira m'mawa mpaka kuweruka. Kwa mayi wotereyu, pachaka ndi K26,000, ndiye kuti chaka choyamba mapadi ochapa amudyera K2,000 yoonjezera. Wogulitsa amene angamuuze kuti apulumutsa ndalama mwezi womwewo akumunamiza. Chomwe mayiyu angapindule chaka choyamba ndi china: atha kusintha padi nthawi yake ikakwana, pakatha maola anayi mpaka asanu ndi limodzi, osawerengera kuti m'paketi mwatsala angati. Amene anakhalapo pabenchi ya nsomba mu Okutobala, dzuwa lili pamutu, padi ili yomwe ija ya mbandakucha, akudziwa kusupuka ndi kuyabwa komwe ndikunena. Ndalama yake adzayamba kuiona chaka chachiwiri.

Vuto lenileni ndi K15,000 ya tsiku limodzi ija. Munthu wa geni amadziwa kuti kugula thumba la makala n'kotchipa kusiyana ndi kugula timapepala, komabe amagula timapepala chifukwa ndalama imabwera pang'onopang'ono. Ndi chimodzimodzi apa. Kuchotsa K15,000 pa mpamba wa tomato ndi kuchepetsa dengu la mawa. Njira yake ndi ya tsokonombwe, amene anatha mtunda n'kudumpha: gulani padi imodzi kapena ziwiri mwezi uno, muzivale masiku omaliza pamene magazi achepa, mwezi wamawa muonjezere. Miyezi itatu isanathe seti yakwana, ndipo mwaona kale ngati mtundu umenewo ukukuyanjani musanathirepo ndalama yambiri. Amene muli m'banki m'khonde, tsiku logawana ndi nthawi yabwino yogula, ndipo mukapita amayi khumi kwa telala mmodzi mtengo umatsika. Chokhacho musakatengere katapila, chifukwa chiwongoladzanja chidzadya phindu lonse lomwe tawerengera lija.

Wina afunsa kuti, nanga si nyanda yomwe ija agogo ankang'amba kuchitenje chakale, mwangoipatsa dzina lachizungu? Pang'ono ndi zoona, ndipo palibe chochititsa manyazi pamenepo. Nsalu yoyera, yochapidwa bwino ndi youma inasunga amayi ambirimbiri. Zovuta za nyanda n'zodziwika: imasuntha ukamayenda, imakhuthala pakati pa miyendo, imakhula m'ntchafu, ndipo ikadzaza palibe chotchinga kuti magazi asafike pachitenje. Padi yochapa yosokedwa bwino ili ndi zigawo zitatu. Pamwamba pamakhala nsalu yofewa yokhudza thupi, pakati nsalu yomwa madzi yonga thaulo, pansi nsalu yosalola madzi kudutsa. M'mbali muli timapiko tokhala ndi batani lodina, tomwe timagwira panti kuti padi isasunthe. Chomwe mukulipira ndi nsalu yapansiyo ndi batanilo. Padi imene ilibe ziwirizi ndi nyanda yodula.

Walira mvula walira matope. Wasankha ochapa wasankhanso kuchapa, ndipo ntchitoyi imagwera munthu amene wafika kunyumba mdima utagwa, miyendo itatupa, ana akudikira nsima. Kuchapa kwake kuli ndi malamulo ochepa koma osafunika kuwaphwanya. Yambani mwaviika m'madzi ozizira, chifukwa madzi otentha amaumitsa magazi pansalu ndipo banga silichokanso. Kenaka sopo wamba, kutsukuluza mpaka madzi ayere, osapotokola mwamphamvu kuopa kuthyola nsalu yapansi ija. Mankhwala ofewetsa zovala musathiremo, amachititsa kuti nsalu isamamwe bwino. Ndipo padi ndi ya munthu mmodzi. Mayi yake, mwana yake, ngakhale atakhala mapasa.

Pamene ambiri timalakwitsa ndi poyanika. Tinaleredwa kuti zinthu zotere zisaonedwe ndi mwamuna kapena mwana, ndipo ena amaopa kuti wankhanza akatola nsalu ya kumwezi akhoza kukutseka mimba. Zotsatira zake padi imayanikidwa kunsi kwa bedi kapena kuseri kwa chitseko, n'kuvalidwa isanaumitsitse. Nsalu yachinyezi imanunkha nkhungu ndipo imabweretsa kuyabwa ndi zilonda. Ndalama yomwe munapulumutsa ija mukaisiya kufamase. Padi imafuna dzuwa ndi mphepo. Ngati maso a anthu akukuvutani, iyanikeni pachingwe n'kuphimba ndi kansalu kopyapyala pamwamba. Osayanika paudzu kapena pansi, makamaka nthawi ya dzinja pamene ntchentche za mphutsi zimaikira mazira pazovala zonyowa. Simbi ingathandize pansalu ya thonje yokha, koma ikafika pansalu yosalowa madzi ija imaisungunula. Anthu a ku Blantyre, Thyolo ndi Mulanje, komwe chiperoni chimatha masiku dzuwa osaoneka mu Juni ndi Julayi, mapadi asanu ndi imodzi angakuchepereni. Onjezerani awiri.

Palinso nkhani ina imene ku misonkhano ija siikambidwa: tsiku la mayi wa pamsika. Amachoka kunyumba kusanache kukapikula, amafika pabenchi, ndipo sangachokepo nthawi yaitali popanda kupempha mnzake kuti amuonereko katundu. Chimbudzi ndi cholipira ulendo uliwonse. M'misika yambiri chitseko chake chilibe loko, madzi ndi a m'chigubu chomwe chimatha isanakwane 10 koloko, ndipo palibe ngakhale msomali wokolekapo chikwama. Padi yotaya umaivula n'kuiponya. Yochapa uyenera kuipinda, kudina batani lake, kuiika m'kathumba kosadontha n'kuisunga mpaka madzulo, pafupi ndi ndalama ndi foni. N'zotheka, amayi ambiri akuchita, koma wogula seti ayambe wafunsa ngati kathumbako kalipo. Kakasowa, jumbo yolimba yomanga bwino imagwira ntchito.

N'chifukwa chake sindigwirizana ndi amene amati ukayamba ochapa usadzagwirenso otaya. Amene mumakwera basi usiku wonse kupita ku Songwe kapena Mwanza kukaoda katundu, amene mumayenda misika ya sabata ndi sabata mukugona m'malo ogona alendo, mukachapira kuti ndipo mukayanika pati? Sungani paketi imodzi ya otaya ya paulendo, ya pamaliro, ndi ya tsiku lachiwiri lija ngati kwa inu ndi lolemera. Masiku otsalawo valani ochapa. Ngakhale mutangotsitsa mapaketi 26 aja kufika pa 8, mwapulumutsa mapaketi 18, ndipo simunadzizunze.

Pali njira inanso imene sinafalebe m'misika yathu, kakapu kofewa kopangidwa ndi silikoni komwe amakapinda n'kukalowetsa kumaliseche kuti kazilandira magazi. Kakadzaza umakachotsa, kutaya magaziwo m'chimbudzi, kutsuka n'kukabwezera. Msambo ukatha umakawiritsa m'madzi kwa mphindi zingapo n'kukasunga. Pa nkhani ya ndalama palibe chokaposa, chifukwa kamodzi kamatha zaka zambiri, ena opanga amati mpaka khumi. Ngakhale atakutchajani mtengo wa mapaketi 15, miyezi isanu ndi itatu isanathe kabweza ndalama yake, ndipo zaka zisanu zokha ndi mapaketi 130 osagulidwa. Kamafuna madzi ochepa kuposa mapadi ochapa, sikayanikidwa pachingwe, ndipo kwa ambiri kamatha maola asanu ndi atatu kapena kuposerapo kasanafune kukhuthulidwa, zomwe zikutanthauza kuti mayi wa pabenchi akhoza kusalowa n'komwe m'chimbudzi cha pamsika chifukwa cha msambo. Mu 2019 magazini ya zaumoyo ya The Lancet Public Health inasonkhanitsa zofufuza za m'maiko osiyanasiyana n'kupeza kuti makapuwa ndi osaopsa ndipo sadontha kuposa mapadi.

Komabe sindingauze wa okala kuti athire mpamba wake pa makapu. Kamafuna kuphunzitsidwa, ndipo miyezi iwiri kapena itatu yoyamba ambiri amavutika nako. Makolo ambiri sangalole mtsikana wosakwatiwa kulowetsa kanthu m'thupi, ndipo maganizo amenewo sasintha chifukwa choti wogulitsa wachenjera pakamwa. Kamafunanso manja osamba ndi sopo nthawi iliyonse, ndi kapoto kakekake kowiritsira. Amene muli ndi lupu yolerera yambani mwafunsa kuchipatala, ndipo amene mwangobereka kumene musakagwiritse ntchito. Katundu wotere ndi wa kufamase kapena wa munthu amene anaphunzitsidwa ndipo ali ndi nthawi yofotokozera kasitomala mmodzimmodzi. Kapu yopanda dzina la wopanga, yotchipa modabwitsa, isiyeni pomwepo. Chinthu chokhala m'thupi maola ambiri si chogula mongoyerekeza.

Tsopano titembenukire kwa inu ogulitsa, poti nanunso muli ndi masamu anu, ndipo poyamba sakoma. Tinene kuti pa paketi iliyonse ya otaya mumapeza K300. Kasitomala wa mapaketi 26 amakusiyirani K7,800 pachaka. Mukamugulitsa seti ya ochapa n'kupezapo K3,000, mwamutaya chaka chonse. Kodi si kudzitema nkhwangwa paphazi kumeneko?

Funso ndi lakuti amene angagule ochapayo ndani. Ambiri mwa iwo si makasitomala anu a mapaketi awiri. Ndi amayi amene anasiya kale kugula mapadi mitengo itakwera n'kubwerera kunyanda, kapena amene amagulira mwana wa sukulu yekha iwo n'kumapirira. Kwa anthu amenewa panopa simukupezapo ngakhale tambala. Ndipo amene watsimikiza zosintha asintha ndithu, mukapanda kukhala nawo akagula kwa telala wa kuseri kwa msika, n'kugula komweko sopo. Kumbukiraninso zomwe zakhala zikukuchitikirani ndi katundu wa dola: mumagulitsa katoni pa mtengo wakale, mukapita kukaoda mukupeza yakwera, phindu lonse n'kuthera pobwezeretsa katoni yomweyo. Padi yochapa nayo ili ndi zipangizo zakunja, nsalu yapansi ija ndi mabatani, koma gawo lalikulu la mtengo wake ndi ntchito ya manja a munthu wa konkuno, amene mungakambirane naye maso ndi maso. Siiwola, ilibe tsiku lothera ntchito, ndipo imakoka katundu wina: sopo, kandowa kokhala ndi chivindikiro, mapanti a thonje ogwira bwino thupi, mapegi. Padi yochapa pa panti yotha lasitiki siigwira, ndiye wogulitsa mapanti ndi amene ali pabwino kuposa onse.

Chopinga chimene mukumane nacho ndi chakuti anthu anazolowera kuona mapadi ochapa akugawidwa ulere. Mabungwe akhala akuwapereka m'sukulu, ndipo ma Mother Group ambiri anaphunzitsidwa kusoka. Ntchitoyo ndi yabwino, yathandiza atsikana amene akanajomba. Koma yasiya maganizo awiri amene amapha msika: akuti ichi ndi chinthu cholandira osati chogula, ndi akuti ndi cha ana a sukulu ovutika. Mayi wogulitsa zitenje amene ali ndi foni yapamwamba safuna kuoneka akugula katundu wa chithandizo. Ndipo mtsikana amene analandira seti ali Sitandade 7, ikatha ali Fomu 1, amakaipeza kuti ina? Bungwe lija linapita kuboma lina. Mpata wa malonda uli pamenepo. Amabungwe nawo akanachita bwino kumaoda kwa atelala a m'dera lomwe akugawalo, kuti polojekiti ikatha wosoka atsale.

Musanaode, yesani katunduyo. Tengani padi imodzi, muichape kaye kamodzi poti nsalu yatsopano simwa bwino, ikauma muiike panyuzipepala. Thiranipo pang'onopang'ono masupuni awiri aakulu a madzi a tiyi. Madziwo alowe msanga, asayenderere m'mbali. Dikirani pang'ono, mudinde ndi chikhatho, kenaka muone nyuzipepala ija. Ikanyowa, katunduyo musatenge ngakhale akuchotsereni mtengo. Dinani ndi kumasula batani kakhumi. Kokani msoko wa m'mbali. Ichapeninso muone ngati ikutuluka utoto, ndipo muwerenge maola omwe itenge kuti iume pachingwe. Padi yokhuthala kwambiri imaoneka yodalirika pashelefu koma imatha masiku awiri isanaume, ndipo kasitomala sadzabweranso. Mtundu umene ndimaukonda ndi uja wa zigawo ziwiri: kachikopa kokhala ndi mapiko ndi nsalu yosalowa madzi, ndi tinsalu tomwa madzi tomwe umapinda patatu n'kulowetsamo. Tikatambasulidwa timaoneka ngati mipango wamba, timauma msanga, ndipo palibe amene angatizindikire pachingwe.

Atelala, makina muli nawo kale, ndipo miyezi imene mayunifolomu ndi madiresi a ukwati asowa, iyi ndi ntchito yoti ingakugwirizeni. Koma musaione ngati njira yothera zidutswa zotsala pansi pa tebulo. Chitenje chikhoza kukongoletsa kunja, osati mbali yokhudza thupi, chifukwa n'cholimba ndipo china chimatuluka utoto. Thaulo la pakaunjika lomwe simukudziwa komwe lachokera si loika pa chinthu chokagulitsa. Jumbo ya shuga kapena pepala la pulasitiki m'malo mwa nsalu yosalowa madzi limachita phokoso poyenda, limatenthetsa, ndipo limang'ambika pakuchapa kwachitatu. Nsalu yoyenerayo ndi yodula ndipo sipezeka paliponse, choncho gwirizanani atelala angapo muode mpukutu umodzi. Sokani masaizi awiri, yamasana ndi yaitali ya usiku, mitundu yake yakuda kapena yofiirira kuti banga lisamaoneke.

Powerengera mtengo musaiwale nthawi yanu, ulusi, singano zothyoka ndi pepala lokulungira. Ndipo dziwani kuti simuli nokha pamsikawu. Kampani ya AFRIpads, yomwe imasokera ku Uganda, inafika kale m'maiko ambiri a mu Africa, ndipo ku Nkhata Bay kuli a Supreme amene amasoka mapadi otere. Amenewa ali ndi mapaketi ooneka bwino ndi malangizo olembedwa. Inu mungawapose pa ziwiri: kugulitsa imodziimodzi, ndi kukonza batani likathothoka. Amene mukulota zogulitsa m'mashopu akuluakulu, m'sukulu zogonera konko kapena kwa amabungwe, pitani ku Malawi Bureau of Standards mukafunse zoyenera kuti katundu wanu ayezedwe. Oda yaikulu imafuna pepala, ndipo ndi bwino kudziwa zofunikazo musanasoke mapadi 500.

Kagulitsidwe kake nakonso n'kosiyana ndi ka anyezi. Lembani mtengo pakapepala poonekera kuti munthu asachite kufunsa pagulu. Siyani padi imodzi yachitsanzo yoti anthu azigwira, zogulitsazo zikhale zomata m'pepala. Nenani poyera kuti katunduyu sabwezedwa. Abambo a m'maokala, kasitomala akaloza, perekani, landirani ndalama, nthabwala sungani za mpira. Mukaona kuti amayi sakumasuka nanu, lolani mayi a kunyumba kapena mtsikana wothandiza aziima pakauntala maola ena. Lolani kulipira pang'onopang'ono, katundu n'kutengedwa ndalama ikakwana. Nthawi yabwino yodzaza shelefu ndi sabata ziwiri sukulu zisanatsegulidwe, ndi miyezi yokolola pamene anthu a kumudzi ali ndi ndalama m'manja. Ndipo musasanduke dokotala. Kasitomala akakuuzani kuti magazi akumatuluka ambiri moti padi ikudzaza ola lililonse, kapena msambo ukupitirira sabata, musamugulitse padi yaikulu n'kumusiya. Muuzeni apite kuchipatala.

Za zinyalala ndazisiya kumapeto dala, chifukwa munthu amene mpamba wake ndi K30,000 sungamuuze kuti agule chinthu pofuna kupulumutsa dziko. Koma zinyalalazi zili pakhomo pathu pomwe. Mayi wa mapaketi 26 uja amataya mapadi 260 pachaka. Msika wokhala ndi amayi 100 otere ndi mapadi 26,000, ndipo iliyonse ili ndi pulasitiki pansi pake ndi pepala lake lokulungira. Dziko lino linakokanakokana m'makhothi za majumbo opyapyala kwa zaka zambiri boma litawaletsa mu 2015, koma za pulasitiki ya m'mapadi palibe amene amaitchula. M'chimbudzi chokumba siwola, imadzazitsa dzenje msanga ndipo imavutitsa opopa. M'chimbudzi chamadzi imatseka mapaipi, chimbudzi n'kutsekedwa sabata yathunthu, tonse n'kumathamangira kuseri kwa mpanda. Ikatayidwa kudzala agalu amaimwaza, mvula n'kuikokolera m'ngalande mpaka ku Mudi kapena Lingadzi. Kuitentha ndi utsi wa pulasitiki pakhomo. Landilodi aliyense wa ku Ndirande kapena Mtandire amene analipirapo wokumba dzenje latsopano akudziwa mtengo wake, ndipo mtengowo amaubweza pa lendi.

Mbali yotsala ndi ya makhonsolo ndi makomiti a misika. Tsiku lililonse wamalonda amadula tikiti, ndipo pachimbudzi amalipiranso payekha. Zomwe amayi akufuna kuti mapadi ochapa kapena kakapu zitheke pamsika si nyumba yosanja: loko wa mkati pachitseko, msomali wokolekapo chikwama, madzi osatha masana, kasopo, ndi ndowa yovindikira ya mapadi otaya kuti asamaponyedwe m'paipi. Loko ndi msomali mtengo wake sufika ndalama imene wotolera pachimbudzi amapeza m'mawa umodzi. Makomiti ambiri a misika amatsogoleredwa ndi abambo, ndipo sindikhulupirira kuti amakana dala, kungoti palibe anawauzapo, poti ndi nkhani yomwe timainena chapansipansi. Amayi a chigawo cha masamba, cha nsomba ndi cha kaunjika, sankhani awiri olimba mtima akaitule pa msonkhano wa komiti ukubwerawu, atatenga mtengo wa loko wolembedwa papepala kuchokera kwa wa hadiweya wa mumsika momwemo.